Bulu Anabudula Katatu Mlonda Akuona

Ndiyambe ndi kuulula kuti Dadda Ishu ndinawasungira chakukhosi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ngakhale kuti ndi alamu anga enieni, achimwene a mkazi wanga Tuda. Nkhani yake inali ya mbuzi. Chaka china cha chilala mbuzi yanga inadula chingwe, inakwera phiri n'kukalowa mu agudali, busa lathu la pamwamba ku Timzrin, udzu usanatsekulidwe. Mlonda wa udzuwo anali iwowo. Anaigwira, anatsika nayo ataisenza pamapewa, anaimangirira pakhomo panga, kenaka anandipatsa moni wautali wofunsa za ana mmodzimmodzi, asanandiuze kuti ndili ndi mlandu.

Chindapusa cha kwathu si ndalama. Wolakwa amapha nkhosa, amaphika kusukusu, chakudya chathu cha timibulu ta ufa wa tirigu, n'kudyetsa amuna khumi ndi awiri pa tsiku lotsekula busa, pabusa pomwepo, midzi yonse isanu ikuonerera. Chowawa si nkhosayo ayi, koma maso a anthu. Ndinaphika. Dadda Ishu anakhala pakati pa khumi ndi awiriwo, anadya mpaka kunyambita zala, anapempha zoonjezera, kenaka anauza mlongo wawo kuti mchere unachepa. Inuyo munthu woteroyo mukanamukhululukira?

Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, khutu lakumanzere logontha, koma maso oti mchira wa mbuzi ankauona uli kuseri kwa chigwa chachiwiri. Sukulu sanailoweko. Nkhosa zawo sizinakwanepo makumi awiri. Bwalo la akulu linawasankha ali ndi mwana mmodzi, ndipo linawasiya pa ntchitoyo zaka makumi atatu ndi chimodzi, osati chifukwa chowakonda, koma chifukwa aliyense ankadziwa kuti zimene amuchita iyeyo amuchitanso mnansi wake.

Chipale chikasungunuka m'mapiri, akulu a midzi isanu amakwera pampata, amaunjika miyala, mlonda n'kuika mwala wopaka njereza pamwamba pake atalumbira. Kuyambira tsiku limenelo palibe chiweto cholawa udzu mpaka njere zitagwa pansi, ndipo palibe munthu woponda m'busamo kupatula mlonda. Wodutsa pa vuto, monga wonyamula wodwala, amaperekezedwa ndi mlonda, chiweto chake chitamangidwa kadengu ka mlaza pakamwa. Chiweto chikapeza mpata mlonda ali pomwepo, lamulo limawerenga. Kubudula koyamba ndi kwa Mulungu, amene analenga chiweto pamodzi ndi njala yake. Kwachiwiri ndi kwa mlonda: apo ayenera kukuwa kapena kuponya mwala. Kwachitatu ndiwo mlandu, ndipo umagwera dzanja limene lamasula. Koma mlonda amene waona kubudula kwachiwiri n'kukhala chete, ntchito yake yathera pomwepo, ndipo sadzapondanso m'busa lotseka mpaka kumanda.

Tsiku lotsekula ankalipeza motere. Lachisanu lililonse la m'chilimwe, tikatuluka mumzikiti, ankayala nduwira yawo yoyera pansi n'kukutumulirapo kamtolo ka udzu. Njere zikagwa pansaluyo ankaipinda osalankhula, ife n'kubalalika tikung'ung'udza. Lachisanu limene sipagwa kanthu ndiye kuti njere zonse zalowa kale m'nthaka, nkhosa zikhoza kukwera.

Tuda ankati mchimwene wake anakwatira udzu, mkazi wa kunyumba anali wachiwiri. Ife tonse busa lathu tinkalidziwa lachikasu, poti timalowamo udzu utauma. Iwo okha ndiwo ankaliona mu Meyi. Ankatsika akununkhira timasamba ta kuphiri, n'kumatiuza kuti kumtundako kwachita maluwa ofiira ndi abuluu mpaka munthu umasowa poika phazi. Tinkawaseka. Ine ndinkati maluwa sadyetsa nkhosa.

Chikalata cha boma chinamatidwa pa ofesi ya kumsika chakumayambiriro kwa Julaye, ndipo anatiwerengera ndi mphunzitsi. Chinati malo a ku Timzrin anajambulidwa katatu kuchokera m'ndege, ndipo katatu konseko sanapezepo chiweto, nyumba kapena munda. Choncho analembedwa kuti ndi malo a boma opanda owagwiritsa ntchito, ndipo agulitsidwa kwa kampani ina yofuna kuwatchinga ndi waya n'kumangapo nyumba zoti anthu olemera a m'mizinda azidzathawirako kutentha. Kunangotsala kuti woyendera mmodzi abwere adzaone ndi maso, asaine. Mphunzitsi atafunsa miyezi imene anajambula, anamuuza kuti Epulo, Meyi ndi Juni. Ndinaseka mowawa. Tinalisamala busa lathu mpaka boma linaganiza kuti tinamwalira tonse.

Bwalo linakumana Lachisanu lomwelo, ndipo woyamba kuimirira ndinali ine. Ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: tikweze nkhosa za midzi yonse woyenderayo asanafike, apeze phiri likulira mee, aone ngati adzalembe kuti kulibe anthu. Onse anavomera. Dadda Ishu anayala nduwira yawo ngati kuti sanamve, anakutumula udzu, ndipo njere zinawayawaya pansalu, zina zikadali zobiriwira. Anatikumbutsa kuti zaka ziwiri zapitazo zinali za chilala, nthaka yatsala ndi njere zochepa, ndipo nkhosa zikadya za chaka chino zisanagwe, chaka chamawa kudzamera minga yokha.

"Mukakweza nkhosa lero, mupulumutsa miyala," anatero. "Miyala tili nayo kale yambiri."

Anthu anawatukwana tsiku limenelo. Wina anati kampani yawapatsa kangachepe, wina anati ukalamba walowa m'mutu. Koma mwala woyera amautsitsa ndi amene anaulumbirira, ndipo ngakhale olongolola kwambiri aja panalibe wolimba mtima woukhudza. Phokoso litatsika, iwo anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti pa tsiku la woyendera ndiwaperekeze ine, Bassu, ndi bulu wanga. Galimoto imathera m'mudzi mwathu, mlendo adzafuna chokwera, ndipo ine Chiarabu cha m'tauni ndinachitola ndikusenza matumba kudoko ku Casablanca, pamene iwo ankangodziwa cha m'mapemphero. Ndinavomera ndi mtima umodzi, winawo ukufuna kukaona mmene akagwere.

Woyenderayo dzina lake anali Si Nawfal, bambo wa zaka ngati makumi anayi, wa magalasi, nsapato za muofesi, mapu atawapinda kukhwapa. Ndinkayembekeza chilombo, koma ndinapeza munthu waulemu, wotopa, amene asanakwere anayamba wapatsa bulu wanga bisiketi n'kumusisita pamphumi. Titafika pamulu wa miyala Dadda Ishu anamasula kadengu m'chiuno mwawo n'kumanga bulu pakamwa. Si Nawfal anafunsa chifukwa chake. Iwo anamutembenuzira khutu logontha lija n'kungoti ndi mwambo.

Tinazungulira phewa la phiri, ndipo ndinaima chilili. Ndine munthu wobadwira kuno, ndadyetsa nkhosa ku Timzrin kuyambira mano asanaguluke, koma busa limenelo ndinali ndisanalione. Udzu unkafika m'mimba mwa bulu, wobiriwira pansi, wagolide kunsonga, ndipo mphepo ikaomba chigwa chonse chinkawerama n'kudzuka kuchokera phiri ili mpaka phiri ilo. Akasupe amene ine ndimawadziwa ali matope opondedwa ndi ziboda anali mbee, ukuona timiyala ta pansi. Mbalame zinkauluka kuchokera m'mapazi mwathu. Ndinachita mantha ngati ndalowa mumzikiti ndi nsapato. Dadda Ishu ataona nkhope yanga anati ndachedwa, maluwa anatha kale, izi ndi zotsalira.

Si Nawfal nayenso anayamikira. Anati sanaonepo malo okongola chonchi, kenaka anatulutsa cholembera n'kunena modandaula kuti mapepala sananame, kuno kulibedi munthu kapena chiweto. Ndinamasulira mawuwo. Ndinkadikira kuti alamu anga atsutse, achonderere, agwade kumene. Iwo anati tikhale pakasupe timwe tiyi.

Tinakhala pamwala waukulu, ndinakoleza timitengo, tinanyema buledi wa balere. Bulu anaima chapafupi, udzu ukumukhudza pachibwano, dovu likudontha m'kadengu, akulira kamodzikamodzi momvetsa chisoni. Si Nawfal anamuyang'ana kangapo. Kenaka anaika kapu pansi, anapita kwa buluyo akumulankhula mofatsa, n'kumasula chingwe.

Bulu anabudula. Koyambako n'kwa Mulungu. Ndinatembenukira Dadda Ishu, ndikudziwa kuti mwala uli kale m'manja. M'manja mwawo munalibe kanthu. Ankayang'ana buluyo maso ali gwa, osaphethira. Bulu anabudula kachiwiri. Ndinatsekula pakamwa kuti ndikuwe ineyo, koma dzanja lawo linagwira bondo langa n'kufinya mpaka kuwawa. Ndinamva dzanjalo likunjenjemera. Bulu anabudula kachitatu.

Apo anaimirira, anasasa fumbi, anamanganso kadengu, n'kuyamba kupatsa mlendoyo moni wautali uja ndimaudziwa bwino, kufunsa za makolo ake ndi ana ake. Atatha anandiuza kuti ndimufotokozere kuti ali ndi mlandu: nkhosa imodzi, amuna khumi ndi awiri, tsiku lotsekula.

"Alamu, mwapenga kodi?" ndinanong'ona. "Munthuyu busa lathu lili kunsonga kwa cholembera chake."

"Iwe ndakubwereka pakamwa, sindinakubwereke nzeru. Masulira."

Ndinamasulira. Si Nawfal anayamba waseka, n'kupisa m'thumba kufuna ndalama, koma iwo anakana ndi dzanja. Nditamufotokozera kuti ayenera kudzaphikira anthu pamaso pa midzi isanu, kuseka kunatha. Anati malo amenewa ndi a boma, ndipo iye wabwera pa ntchito ya boma.

"Ndiye kuti boma ladya," anatero Dadda Ishu. "Boma liphike."

Mlendoyo anapsa mtima. Anafunsa kuti walakwira ndani, popeza kuno kulibe munthu. Iwo anamugwira mkono wa jekete ngati agwira mwana, anayenda naye mapazi owerengeka, n'kupatula udzu ndi ndodo. Pansi pake panali mpanda wa miyala wofika m'mawondo. Anati ili ndi khola la Bassu, anamanga ndi agogo a agogo ake. Anapatulanso patsogolo, khola lina, anatchula mwini wake. Anapitiriza choncho, khola ndi dzina, khola ndi dzina, mafuwa akuda ndi utsi wa chaka chatha, mpaka tinafika pamsana pa phiri la kum'mawa. Kuseri kwake kuli busa la anansi athu, amene anakangana zaka zambiri zapitazo n'kusiya kutseka. Kumeneko ndi miyala yofiira yokhayokha ndi zitsamba za minga. Udzu wathu umathera pamsana pomwepo ngati wadulidwa ndi mpeni.

"Muuze kuti malo opanda mwini ndi awo," anatero. "Udzu sudzilondera wokha."

Si Nawfal anatambasula chithunzi chake cha m'ndege. Mzere uja unalipo, woonekeratu. Anati ku ofesi ankaganiza kuti ndi kusiyana kwa nthaka. Anayang'ana uku ndi uku, koma sanalonjeze kanthu. Anati iye salamulidwa ndi abusa a nkhosa, ndipo lipoti lake lili ndi tsiku loti alipereke. Pamapeto anafunsa, ngati munthu wongofuna kudziwa, kuti tsiku lotsekulalo ndi liti. Anamuyankha kuti udzu ndiwo udzanene, ndipo uthenga udzafika ndi dalaivala wa basi. Potsika anakana kukwera bulu, anayenda wapansi mpaka m'mudzi nsapato zake zitang'aluka.

Masabata atatu otsatirawo anali oipa. Ine ndi pakamwa pangapa ndinafalitsa kuti mlonda wanyoza munthu wa boma, ndipo busa lapita. Anthu anasiya kuwapatsa moni. Tuda ankalira akukanda buledi. Za dzanja lija pabondo langa sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga, ndipo ndinkadziuza kuti mwina sindinaone bwino. Iwo ankakwera phiri m'mawa uliwonse monga kale. Lachisanu loyamba njere zinagwa, lachiwiri zinagwa pang'ono, lachitatu nsalu inatsala yoyera.

Tsiku lotsekula, dzuwa lisanatuluke bwino, chigwa cha pansi pa mpata chinali chitadzaza. Midzi isanu, nkhosa ndi mbuzi zosawerengeka, abulu atasenza miphika, mabulangete, zipangizo zolukira ndi nkhuku zomangidwa miyendo, amayi akuimba nthungululu, ng'oma zikulira. Si Nawfal panalibe. Dadda Ishu sanamudikire. Dzuwa litangokhudza nsonga ya phiri anatchula dzina la Mulungu, anatsitsa mwala woyera, ndipo ziweto zinakhamukira pampata.

Anayamba kumuona ndi amayi. Pakati pa nkhosa za mudzi wachitatu panali munthu wa magalasi akukoka chingwe, kumapeto kwake kuli nkhosa yamphongo yokana kuyenda. Inali yoonda, yokalamba, nyanga imodzi yothyoka. Amene anamugulitsa kumsika Mulungu amukhululukire. Atafika pampata ziweto zinamupanikiza, anakwera pamwala chingwe chili m'manja, ndipo sanathenso kutsika. Nkhosa zinkadutsa mbali zonse ziwiri za mwalawo kuyambira dzuwa lili pansonga mpaka linafika pamutu. Poyamba ndinamuona akuwerenga ndi chala. Kenaka anasiya. Anavula magalasi, anangoima, fumbi likumukuta, akuyang'ana chigwa chopanda anthu chija chikumera utsi pakhola lililonse. Nditamufikira ankapukuta m'maso. Anati ndi fumbi, ndipo ine sindinamutsutse.

Anamuphikira ndi Tuda, poti analibe mkazi wake kuno, koma madzi osamba m'manja anazungulira nawo yekha kwa amuna khumi ndi awiri, atawerama, monga lamulo linenera. Anthu anaiseka nkhosa yake mokwanira. Atatha, Si Nawfal anauza akulu kuti lipoti lake analigwira mpaka lero, ndipo alemba zimene waona. Sananame. M'nyengo yozizira kunabwera chikalata china chonena kuti Timzrin yachotsedwa pa mndandanda wa malo ogulitsa, chifukwa ndi busa la midzi isanu. Koma izo zinabwera pambuyo.

Tsiku limenelo Dadda Ishu anakhala pamalo pawo pakati pa khumi ndi awiri, koma sanapise dzanja m'mbale. Enawo atakhuta, anaimirira, anamasula timadengu m'chiuno, anatiika pansi pamodzi ndi ndodo patsogolo pa akulu.

"Bulu anabudula katatu ine ndikuona," anatero. "Kachiwiri ndinakhala chete."

Mkulu wina anakanda khutu n'kunena kuti nayenso masiku ano samva bwino. Wina anati mboni inalipo, afunse Bassu. Ine amene ndinadikira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuti munthuyu adzagwe, ndinaimirira pamaso pa midzi isanu n'kunama. Ndinati alamu anga ankauzira moto, utsi unawalowa m'maso, sanaone kanthu.

"Khala pansi Bassu, wakula, usayambe bodza lero," anatero mofatsa. Kenaka anatembenukira akulu. "Mlendoyu wabwera ndi nkhosa chifukwa ndinamuuza kuti kuno kuli lamulo. Likandidumpha ine, ndiye kuti lamulolo kulibe, ndipo munthuyu tamubera nkhosa yake."

Si Nawfal ankandikoka malaya kuti ndimumasulire, koma ine sindinamutembenukire. Ndinamvetsa pamenepo zimene dzanja lija linkanjenjemerera. Munthuyu anapeza njira imodzi yokha yobweretsera boma pampata pa tsiku loyenera popanda kudyetsa njere za chaka chamawa, anadziwa mtengo wake, ndipo anawerenga mpaka katatu. Akulu anatola ndodoyo mochita kuzengereza. Chakukhosi changa ndinachifuna mumtima osachipeza, m'malo mwake munali manyazi, ndi mantha ena ake amene munthu amakhala nawo akazindikira kuti wakhala akudyera mbale imodzi ndi munthu wamkulu osadziwa.

Papita zaka zisanu ndi zitatu. Miyendo ya Dadda Ishu yafooka, khutu linalo nalonso layamba kutseka. Koma Meyi aliyense amatumiza mawu kuti ndibwere ndi bulu, ndipo timakwera mpaka pamulu wa miyala n'kukhala kunja kwake, mbali yathu. Pamenepo busa silioneka, phewa la phiri limatchinga. Umangomva fungo mphepo ikatembenuka. Mlonda watsopano amatuluka, amagwada kukhutu labwinoko n'kuwauza zimene zachita maluwa ndi kumene zachitira. Iwo amamvetsera atatsinzina, n'kumamukonza: ofiirawo sayamba kukasupe wa kumpoto, ukayang'anenso bwino.

Chaka chatha mlondayo anachedwa kutuluka, ndipo tinali awiriwiri. Mphepo inkabweretsa fungo lija mwamphamvu, ndinawaona akukweza mphuno. Mtima unandiwawa. Ndinawauza kuti kuchokera pamwalapo kukafika pokhotera ndi mapazi makumi awiri okha, ndiwagwira mkono, akangosuzumira kamodzi n'kubwerera, ndipo ine ndiyang'ana kumbali.

"Iwe uyang'ana kumbali," anatero. "Nanga ine ndiyang'ana kuti?"

Anakhala pomwepo, bondo lawo litatsala pang'ono kukhudza mwala woyera. Ndinawathirira tiyi. Anamwa pang'ono, anatsinzina atatembenukira kumene kunkachokera mphepo, kenaka anandiuza kuti shuga wachepa.